Funsani Akatswiri: Masamu Popeka Nyimbo Zamakono

Makalata a mwezi uno achokera kwa oimba kiyibodi, ophunzira kupeka nyimbo ndiponso opanga nyimbo pa kompyuta, ndipo onse akufunsa za malo a masamu pa ntchito yawo. Tasankhapo mafunso asanu ndi awiri. Khalani ndi pensulo ndi kakyuleta pafupi, chifukwa zambiri mwa izi zimalowa m'mutu munthu akaziwerengera yekha. Tikati "sitepe" tikunena mtunda wochoka pa kiyi imodzi ya piyano kufika pa yoyandikana nayo, kaya yoyera kaya yakuda. Mu octave imodzi, mtunda wochoka pa do kufika pa do yotsatira, muli masitepe 12.

FUNSO: Ndikamenya A ndi C# pamodzi pa kiyibodi ndimamva kunjenjemera kosakoma pakati pa maliwu awiriwo, koma anthu awiri akaimba manoti omwewo popanda chida zimamveka zosalala. Kodi kiyibodi yanga inachunidwa molakwika? (Woimba kiyibodi)

YANKHO: Kiyibodi yanu ilibe vuto, komanso khutu lanu silikunama. Liwu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo timaliyeza powerenga kuti mpweyawo wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Muyezo wake ndi Hz. A ya pakati pa piyano ndi 440 Hz, ndipo mukawirikiza nambalayi kukhala 880 mwakwera octave imodzi. Maliwu awiri amagwirizana bwino ubale wawo ukakhala wa timanambala tating'ono: 2 kwa 1 ndi octave, 3 kwa 2 ndi do ndi so, 5 kwa 4 ndi do ndi mi.

Chovuta n'chakuti manambalawa sakumana. Yambani pa noti iliyonse, mukwere kuchoka pa do kufika pa so, so-yo muiyese do n'kukweranso, mpaka ka 12. Pa piyano mudzafika pa noti ya dzina lomwe munayambira, ma octave 7 pamwamba. Koma pa kakyuleta, 1.5 × 1.5 × 1.5 mpaka ikhalepo ka 12 ikupereka 129.75, pamene 2 × 2 × 2 mpaka ikhalepo ka 7 ikupereka 128. Kampata kameneka sikachoka, munthu amangosankha pokabisa. Pa zida zamakono anakamwaza ponseponse: sitepe iliyonse imachulukitsa ma Hz ndi 1.05946, kuti masitepe 12 apereke 2 ndendende.

Tsono werengerani. Mi weniweni kuchoka pa 440 ndi 550 Hz, koma kiyibodi ikupereka 554.37. Liwu la piyano silikhala ndi nambala imodzi yokha ayi. Pamwamba pa 440 pamamvekanso 880, 1320, 1760, 2200 ndi ena, mphamvu yawo ikucheperachepera. Liwu lachisanu la A ndi 2200, ndipo lachinayi la C# ndi 2217.5. Awiriwa ayandikana koma sanafanane, choncho amalimbana pafupifupi ka 17 pa sekondi, ndipo n'zimene mukumvazo. Pa do ndi so kusiyanako ndi 1320 ndi 1318.5 basi, kotero ambiri sakumva. Oimba pakamwa amatsitsa mi pang'ono, nthawi zambiri osadziwa n'komwe, mpaka kulimbanako kutha.

Pa kompyuta mungathe kuchuna mmene mukufunira, ndipo ma synthesizer ambiri, zida kapena mapulogalamu opanga maliwu ndi magetsi, amawerenga mafayilo a machunidwe a pulogalamu ya Scala. Koma musayembekezere kuti mukachuna ndi timanambala tating'ono zonse zikhala bwino. Mu kiyi ya C (pamene C ndiye do) yochunidwa motero, D ndi 9/8 ndipo A ndi 5/3. Ubale wa awiriwa ndi 40/27, kapena kuti 1.481 m'malo mwa 1.5, ndipo chord (manoti oimbidwa pamodzi) ya D minor imapweteka m'khutu. Ena amathawa vutoli pogawa octave m'masitepe 31, chifukwa masitepe 10 a mtundu umenewu amapereka 1.2506, pafupi zedi ndi 5 kwa 4. Karlheinz Stockhausen, mu Studie II imene anapanga ku Cologne mu 1954, anaitayiratu octave: anatenga mtunda wa 1 kwa 5 n'kuugawa m'masitepe 25 ofanana, kuyambira pa 100 Hz. Chenjezo limodzi: pitch bend, yokwezera kapena kutsitsira liwu mu MIDI (njira imene kompyuta ndi zida zoimbira zimatumizirana manoti), imasuntha manoti onse a pa tchanelo chimodzi nthawi imodzi. Ngati mukuchuna noti iliyonse payokha ndi njira imeneyi, noti iliyonse ikhale ndi tchanelo chakechake.

FUNSO: Ndinamva za njira yopeka nyimbo ndi manoti onse 12 popanda kiyi. Imayenda bwanji, nanga n'chifukwa chiyani zomwe ndayesa zikumveka zopanda mutu? (Wophunzira kupeka nyimbo)

YANKHO: Njirayi anaikhazikitsa ndi Arnold Schoenberg wa ku Vienna kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo masamu ake ndi a pa wotchi. Noti iliyonse ipatseni nambala: C ndi 0, C# ndi 1, D ndi 2, mpaka B ndi 11. Mukafika pa 12 mwabwerera pa 0, choncho 11 kuphatikiza 5 si 16 koma 4.

Sanjani manoti 12 onsewo mu mzere, iliyonse ipezeke kamodzi. Njira zowasanjira zilipo 479,001,600. Tiyeni titenge mzere uwu: 0, 3, 4, 11, 7, 8, 1, 10, 2, 5, 6, 9.

Kuukweza ndi masitepe 5, phatikizani 5 pa nambala iliyonse: 5, 8, 9, 4, 0, 1, 6, 3, 7, 10, 11, 2. Kuutembenuza, kuti pamene unkakwera uzitsika ndi masitepe omwewo, chotsani nambala iliyonse pa 12: 0, 9, 8, 1, 5, 4, 11, 2, 10, 7, 6, 3. Kuubweza chammbuyo n'kungouwerenga kuchokera kumapeto: 9, 6, 5, 2, 10, 1, 8, 7, 11, 4, 3, 0. Wotembenuzidwa ujanso mungauwerenge chammbuyo. Ndiye kuti pali maonekedwe anayi, ndipo aliwonse angayambire pa noti iliyonse mwa 12, zonse pamodzi mizere 48.

Musavutike kuiwerengera umodziumodzi. Jambulani tebulo la mabokosi 12 chopingasa ndi 12 chotsika. Mzere wanu, woyamba ndi 0, ulembeni pamwamba. Wotembenuzidwa ulembeni chotsika kumanzere. Bokosi lililonse lotsala ndi nambala ya kumanzere kwake kuphatikiza ya pamwamba pake, osaiwala kubwerera pa 0 mukafika pa 12. Mukamaliza yang'anani mabokosi opendekera, ochoka pa ngodya ya kumwamba kumanzere kutsikira pa ngodya ya pansi kumanja. Onse ayenera kukhala 0. Pamene pali nambala ina, mu mzere umenewo mwalakwitsa samu.

Tsopano za kupanda mutu. Mzere umangonena dongosolo la manoti. Sunena kuti noti italike bwanji, ikhale pa octave iti, ifuule kapena inong'one, iimbidwe ndi chida chanji. Oyamba kumene amakonda kulemba manoti 12 onse ofanana kutalika, n'kulumpha ma octave mwachisawawa, kenaka n'kutenga mzere wina mwa 48 ija popanda chifukwa. Khutu silisunga manoti 12 otsatizana ngati chinthu chimodzi. Limagwira timagulu ta manoti atatu kapena anayi, kagundidwe, ndi kukwera kapena kutsika kwa nyimbo. Anton Webern ankazidziwa bwino izi. Mu Concerto yake ya zida 9 ya mu 1934, mzere wonse unachokera ku kagulu kamodzi ka manoti atatu: kena ndi komweko kotembenuzidwa, kena kobwezedwa chammbuyo, kena zonse ziwiri. Womvera amangomva kanthu kamodzi kakubwera m'maonekedwe osiyanasiyana.

Langizo lathu ndi ili. Pa nyimbo yanu yoyamba gwiritsani ntchito mizere itatu kapena inayi yokha. Dulani mzere m'timagulu tinayi ta manoti atatu, kalikonse mukapatse kagundidwe kozindikirika, ndipo kagundidweko kazibwerera. Musaimbitse noti imodzi pa ma octave awiri nthawi imodzi, chifukwa imayamba kumveka ngati do ndipo ena onse amasanduka otsatira ake. Yang'ananinso zomwe zabisala mu mzere wanu. Mu chitsanzo chathu, 4, 11, 7 ndi E, B, G, chord ya E minor, ndipo womvera aliyense aimva. Si tchimo. Alban Berg anamanga dala mzere wa Violin Concerto yake ya mu 1935 ndi ma chord otere. Chofunika n'chakuti ikhalepo mukudziwa.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Milton Babbitt ku America ndi Pierre Boulez ku France anapitirira pamenepa, nasanja m'mizere ngakhale kutalika kwa manoti ndi kufuula kwawo. Pa pepala dongosolo lake ndi lokhwima kwambiri, koma omvera ambiri satha kulisiyanitsa ndi manoti ongomwazika. Ife sitingalangize wophunzira kuyambira pamenepo.

FUNSO: Pa pulogalamu yanga ya ng'oma pali batani lolembedwa "Euclidean". Limachita chiyani, ndipo ndingawerengere bwanji ndekha? (Wopanga mabiti)

YANKHO: Limayankha funso losavuta: muli ndi mabokosi 8 a nthawi ndipo mukufuna kugunda katatu, kugundako mukuike pati kuti kumwazike mofanana mmene kungathekere? Gawani 8 ndi 3, mupeza 2.67. Chulukitsani nambalayi ndi 0, 1 ndi 2, mupeza 0, 2.67 ndi 5.33. Iliyonse yokhala ndi kachidutswa ikwezeni kufika pa nambala yathunthu yotsatira: 0, 3, 6. Powerenga mabokosi kuyambira pa 0, ng'oma igunda chonchi: x . . x . . x . ndipo mipata yake ndi 3, 3, 2. Kagundidwe kameneka mukadziwa kale, kadzaza m'nyimbo zovina za mayiko ambiri.

Yesaninso kugunda ka 7 m'mabokosi 12. Mupeza 0, 2, 4, 6, 7, 9, 11. Mukayambira pa bokosi 7 mipata yake ndi 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1, kagundidwe ka belu kodziwika kwambiri pakati pa Aewe a ku Ghana ndi mitundu ina ya kumadzulo kwa Africa. Chosangalatsa n'chakuti manambala omwewa ndiwo masitepe a do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Godfried Toussaint, katswiri wa sayansi ya kompyuta, ndiye anaonetsa mu 2005 kuti magundidwe ambiri achikhalidwe amatuluka pa njira ya Euclid, katswiri wa masamu wa makedzana, yopezera nambala yaikulu yogawa manambala awiri. Oimba ng'omawo sanadikire samuyo kuti ayambe kuimba. Samuyo inangofotokoza zomwe zinalipo kale, ndipo siifotokoza zonse: son clave ya ku Cuba, ya mipata 3, 3, 4, 2, 4, siituluka pa njirayi.

Zolakwika zofala ndi zitatu. Manambala awiriwo akamagawika ndi nambala imodzi, simupeza chatsopano: 4 mu 16 ndi kugunda wamba kofanana, ndipo 6 mu 16 ndi 3 mu 8 kawiri. Sankhani monga 5 mu 16, 7 mu 16 kapena 5 mu 12. Chachiwiri ndi kuiwala kusuntha poyambira. Ng'oma zonse zikayambira pa bokosi 0, biti yoyamba imalemera kwambiri ndipo zotsalazo zimamveka zopanda kanthu. Ng'oma yaikulu isiyeni pa 0, zinazo muzisunthe ndi mabokosi awiri kapena atatu. Chachitatu, samu siinena kugunda kumene kuli kwamphamvu. Velocity ya MIDI, nambala yonena mphamvu ya kugunda, imalekezera pa 127. Ikani kugunda kwakukulu cha m'ma 110 ndipo kwina cha m'ma 70, mumva kusintha nthawi yomweyo.

Kuti biti isatopetse, phatikizani ma lupu (tizigawo tobwerezabwereza) osiyana kutalika. Lupu ya mabokosi 16 ndi ya 12 zimakumananso pakatha mabokosi 48. Pa 120 BPM (mabiti 120 pa mphindi), bokosi limodzi mwa anayi a mu biti ndi ma millisecond 125, ndiye kuti zonse zibwerera pakatha masekondi 6 okha. Koma 16 ndi 15 zimakumana pakatha mabokosi 240, omwe ndi masekondi 30. Olivier Messiaen anachita zofananazo m'chigawo choyamba cha nyimbo ya zida zinayi imene inaimbidwa koyamba mu 1941 m'ndende ya asilikali ogwidwa pankhondo ku Görlitz: piyano ili ndi mndandanda wa kutalika kwa manoti 17 ndi wa ma chord 29, ndipo kuti ziwirizi ziyambirenso pamodzi pafunika ma chord 493. Chigawocho chimatha zisanakumane. Steve Reich, mu 1965, anagwiritsa ntchito matepi awiri a mawu amodzimodzi oyenda pa liwiro losiyana pang'ono. Mungayese ndi lupu ya masekondi 2.00 ndi inzake ya 2.01. Zidzatalikirana kotheratu pa sekondi 201 ndipo zidzakumananso pa 402.

FUNSO: Kodi n'zoona kuti nyimbo yotsata manambala a Fibonacci imakoma yokha? (Wokonda masamu)

YANKHO: Ayi. Manambalawa ndi 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, 34, 55, 89, iliyonse ikuchokera pophatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake, ndipo mukagawa ina ndi yotsatira yake mumayandikira 0.618. Amathandiza poyeza kutalika kwa zigawo. Zigawo za masekondi 55, 34, 21 ndi 13 zimafupika mooneka, ndipo womvera amamva kuti nyimbo ikuthamangira kwinakwake. Mu nyimbo ya mphindi zisanu, 0.618 ikugwera pa sekondi 185, malo abwino oika pachimake. Sofia Gubaidulina anagwiritsa ntchito manambalawa mwadala pokonza zigawo za nyimbo zake. Za Béla Bartók, amene ambiri amamutchula pa nkhaniyi, zinachokera kwa wofufuza Ernő Lendvai, ndipo akatswiri ena amatsutsa mawerengedwe ake.

Werengani masekondi, osati mabiti, ngati liwiro la nyimbo likusintha, chifukwa womvera amamva nthawi. Ndipo musawasandutse manoti. Mukawagawa ndi 12 n'kutenga zotsala, mndandanda umabwereza pakatha manambala 24, nambala 6 siituluka ngakhale kamodzi, ndipo palibe khutu lingazindikire kuti munali Fibonacci.

FUNSO: Ndinauza kompyuta kuti izisankha manoti mwachisawawa. Poyamba zinandisangalatsa koma pakatha mphindi imodzi zimatopetsa. Anthu ngati Xenakis ankachita bwanji? (Wolemba mapulogalamu)

YANKHO: Zimatopetsa chifukwa noti iliyonse ili ndi mwayi wofanana nthawi zonse, choncho sekondi ya 10 ndi sekondi ya 100 n'zosasiyana. Chisawawa chimene sichikusintha chimamveka ngati chinthu chongoima.

Iannis Xenakis anali injiniya, ndipo anagwira ntchito yokonza mapulani a nyumba kwa Le Corbusier ku Paris. Mu 1955 analemba kuti nyimbo za mizere ya 12 zikachulukana, womvera samvanso mizereyo koma mtambo wa maliwu, ndiye n'kwabwino kupeka mtambowo mwachindunji. Zitsanzo zake zinali matalala ogwa pa chinthu cholimba ndi khamu la anthu ofuula: palibe amatsatira dontho limodzi, koma aliyense amamva mvula ikamakula. Mu Pithoprakta, ya 1955 mpaka 1956, anawerengera kuthamanga kwa maliwu otsetsereka a zida za nsambo ndi masamu a mmene tizidutswa ta mpweya timayendera. Mu 1962 mawerengedwe otere anayamba kuwachita pa kompyuta ya IBM 7090. Wopeka amalamulira kuchuluka kwa maliwu pa sekondi, malire a pansi ndi a pamwamba, ndi mmene zimenezi zikusinthira. Mwayi umangodzaza timabokosi ta m'kati.

Nayi samu yoyambira. Sankhani kuchuluka, tinene maliwu 4 pa sekondi. Kompyuta ikupatseni nambala r ya pakati pa 0 ndi 1. Mpata wofika pa liwu lotsatira ndi −ln(r) kugawa ndi 4 (ln ndi batani la pa kakyuleta ya sayansi). Nambala r ikakhala 0.9 mpata ndi masekondi 0.026, ikakhala 0.5 ndi 0.173, ikakhala 0.1 ndi 0.576. Maliwu amabwera m'timagulu ndi timipata, osati motsatana bwinobwino. Tsono sinthani 4 uja pang'onopang'ono kuchoka pa 1 kufika pa 30 m'masekondi 40, uku mukupanikiza malire a manoti kuchoka pa ma octave anayi kufika pa masitepe atatu. Apo mwapeza chigawo chokhala ndi kopita. Samalani kuti r isakhale 0, chifukwa ln(0) kulibe ndipo pulogalamu idzaima kapena kupereka mpata wosatha.

Ngati mukufuna nyimbo yoti munthu n'kuiimba, yesani njira ya Markov, imene Lejaren Hiller ndi Leonard Isaacson anagwiritsa ntchito m'chigawo chomaliza cha Illiac Suite ya mu 1957 ku yunivesite ya Illinois. Tengani nyimbo zanu zakale muwerenge chomwe chimatsatira noti iliyonse. Tinene kuti C yapezeka ka 10: kasanu yatsatiridwa ndi D, katatu ndi E, kawiri ndi G. Mukakhala pa C sankhani nambala ya pakati pa 1 ndi 10. Kuyambira 1 mpaka 5 ndi D, 6 mpaka 8 ndi E, 9 ndi 10 ndi G. Chitani chimodzimodzi pa noti iliyonse.

Apa pali misampha. Noti imene inapezeka kumapeto kokha ilibe yoitsatira, ndipo pulogalamu ikafikapo imakakamira. Ipatseni pothawira. Mukamayang'ana noti imodzi yokha ya m'mbuyo nyimbo imangoyendayenda. Mukamayang'ana ziwiri, tebulo limakula kuchoka pa mabokosi 144 kufika pa 1,728, ndipo mukamayang'ana zitatu limafika pa 20,736. Ngati munaliphunzitsa ndi manoti 200 okha, mabokosi ambiri ndi opanda kanthu ndipo kompyuta imangokubwezerani nyimbo yanu yakale. Komanso Markov sadziwa kupuma. Lembani nokha malo amene chiganizo chithere ndi noti yothera, iye adzaze pakati.

Zina ziwiri zing'onozing'ono. Lembani seed, nambala imene kompyuta imayambirapo popanga manambala achisawawa, nthawi iliyonse, apo ayi chigawo chimene chakusangalatsani simudzachipezanso. Ndipo ngati oimba ndi anthu, ikani malire a chida mu pulogalamu: vayolini siitsika kupitirira noti 55 ya MIDI, cello imalekezera pa 36, ndipo woimba chitoliro amafuna mpata wokokera mpweya.

FUNSO: Ndikufuna kupanga liwu la belu ndi FM, koma pa manoti apamwamba likumveka phokoso lachilendo lomwe limatsika ine ndikamakwera. Chikuchitika n'chiyani? (Wokonza maliwu)

YANKHO: Tiyambe ndi mmene FM (frequency modulation, njira yopangira liwu pogwedeza funde lina ndi linzake) imagwirira ntchito. Anaitulukira ndi John Chowning ku yunivesite ya Stanford mu 1967, ndipo inafala ndi synthesizer ya Yamaha DX7 ya mu 1983, yokhala ndi ma operator (tizigawo topanga mafunde) 6. Pa chiyambi penipeni pamafunika mafunde awiri osalala. Loyamba, carrier, ndilo timalimva. Lachiwiri, modulator, limagwedeza ma Hz a loyambalo mwachangu kwambiri kotero kuti khutu silimvanso kugwedezako koma maliwu atsopano. Maliwuwo amakhala pa carrier kuphatikiza kapena kuchotsa modulator kamodzi, kawiri, katatu, mpaka m'tsogolo.

Carrier ikakhala 200 Hz ndipo modulator 200 Hz, mupeza 200, 400, 600, 800, liwu lowala la mtundu wa lipenga. Modulator ikakhala 400 mupeza 200, 600, 1000, liwu la mphako longa la clarinet. Pa belu ikani 280. Chokwera mupeza 480, 760, 1040. Chotsika mupeza −80, −360, −640, ndipo manambala a pansi pa 0 amamveka ngati 80, 360 ndi 640. Maliwu amenewa sali pa mzere wa 1, 2, 3 wa nambala imodzi, ndiye chifukwa chake amamveka ngati chitsulo. Kuchuluka kwawo kumalamulidwa ndi index, nambala yonena kukula kwa kugwedeza kuja: maliwu omveka mbali iliyonse amakhala pafupifupi index kuphatikiza 1. Yambani ndi index 10 n'kuitsitsa kufika pa 0 m'masekondi 15, pamodzi ndi mphamvu ya liwu, kutsika kwake kukhale kwachangu poyamba ndi kochedwa kumapeto. Index ikangoima osatsika, mupeza kulira kwa makina, osati belu, chifukwa pa belu lenileni maliwu apamwamba ndiwo amayamba kufa.

Phokoso lanulo ndi aliasing. Kompyuta yoyeza liwu ka 44,100 pa sekondi siingasunge liwu loposa theka la nambalayi, 22,050 Hz. Loposa pamenepo silisowa, limabwerera pansi. Tinene mwamenya noti ya 2,000 Hz, modulator ndi 6,000 Hz, index ndi 4. Liwu lachisanu chokwera, 2,000 kuphatikiza 6,000 kasanu, lili pa 32,000 Hz, ndipo limveka pa 44,100 kuchotsa 32,000, yomwe ndi 12,100 Hz. Mukakwera noti, 32,000 ija imakula ndipo chotsalacho chimachepa. N'chifukwa chake phokosolo likutsika inu mukamakwera.

Filter yoika pambuyo siithandiza, popeza phokosolo lalowa kale pakati pa maliwu abwino. Tsitsani index pamene manoti akukwera. Ma synthesizer ambiri a FM ali ndi key scaling ya ntchito imeneyi. Poyesa, werengerani carrier kuphatikiza modulator yochulukitsidwa ndi index kuphatikiza 1, pa noti yanu yapamwamba kwambiri, ndipo yankho likhale pansi pa 22,050. Ngati pulogalamu yanu ili ndi oversampling, yochulukitsa kayezedwe ka pa sekondi kaja, iyatseni pa 2 kapena 4.

FUNSO: Ndinalemba kuti liwu likwere kuchoka pa 100 Hz kufika pa 1,600 Hz m'masekondi 8, koma limathamanga poyamba n'kuzengereza kumapeto. Komanso ndikaphatikiza mafunde ambiri sipika imathetheka. Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Pure Data. (Woyamba kumene)

YANKHO: Khutu limamva kuchulukitsa, osati kuphatikiza. Kuchoka pa 100 kufika pa 1,600 ndi ma octave anayi: 200, 400, 800, 1,600. Mzere wowongoka umafika pa 850 Hz pa sekondi yachinayi, ndiye kuti wadya kale ma octave atatu pa theka la nthawi. Kuti kukwerako kumveke kofanana, pa sekondi yachinayi payenera kukhala 400. Yendetsani mzere wanu pa manambala a MIDI, kenaka muwasandutse ma Hz ndi mtof, imene ilipo mu Pure Data. Samu yake ndi 440 kuchulukitsa ndi 2 wokwezedwa ku mphamvu ya (n − 69) ÷ 12, pamene n ndi nambala ya MIDI ya notiyo, ndipo imalandira ngakhale manambala a tizidutswa monga 60.5. Mu pulogalamu ina, SuperCollider, ntchito yomweyi imachitidwa ndi midicps. Mphamvu ya liwu nayonso ndi chimodzimodzi: kudula theka ndi kutsika ma decibel 6, choncho pozimitsa liwu pang'onopang'ono yendetsani ma decibel.

Za kuthetheka pali zifukwa ziwiri. Chotuluka kupita ku sipika chiyenera kukhala pakati pa −1 ndi 1. Mafunde 8, lililonse lofika pa 1, angathe kufika pa 8 nsonga zawo zikakumana, ndipo chopitirira malire chimadulidwa. Chulukitsani zonse ndi 0.125 musanatulutse. Ngati kuthethekako kukumveka poyamba kapena pothera pa noti pokha, ndiye kuti liwu likuyatsidwa kapena kuzimitsidwa mwadzidzidzi funde lili pakati. Lipatseni ma millisecond 5 mpaka 10 okwerera kuchoka pa 0, ndi ena otero otsikira, pogwiritsa ntchito line~ kapena vline~. Musagwiritse line yopanda kachizindikiro ~, chifukwa imasuntha modumphadumpha ndipo kudumpha kulikonse kumamveka.